Msoko Wowongoka, Mwana Ali Pabere

"Ndi uyo! Zipora uyo!" anakuwa Janeti, mnansi wake, akuloza kanema.

Zipora anagwira pakamwa. Analidi iye, pakhonde la shopu yake ku Kawale, phazi likupalasa makina osokera, mwana wake Chisankho akuyamwa. Atolankhani atabwera kudzamujambula anamupempha kuti apatsire wina mwanayo, ati kuti aoneke ngati mayi wapantchito. Iye anakana, poti nthawi yoyamwa inali itakwana.

Tsopano Zipora anayang'ana anthu amene anasonkhana kudzaonera kanemayo. Patsogolo penipeni panakhala apongozi ake, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi. Bere pamaso pa dziko lonse! Anena chiyani?

Apongozi anasendeza mpando, nayang'anitsitsa osaphethira.

"Amayi, pepani," anatero Zipora chapansipansi.

"Mukupepesa chiyani, amake Chisankho? Taonani msoko uwo, kuwongoka, mwana ali pabere! Kodi Mose uja akanawoloka nyanja amake akanamumana bere?" Anadzambatuka naimba nthungululu. "Janeti, imbira abale a ku Ntcheu ayatse kanema msanga!"

Phokosolo linadzutsa Chisankho kumsana. Zipora anamasula mbereko pomwepo, akuseka, misozi ili m'masaya.