Mabenchi Opanda Makolo

Wadson Makwinja anaimbanso belu kachitatu, koma pansi pa mtengo wa mango panalibe munthu. Mabenchi amene anawandandalika yekha m'mawa anangokhala padzuwa. Pa limodzi panagona mbuzi.

Chinali chaka cha 1984. Wadson ankachita digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka sukulu pa yunivesite ina kunja kwa dziko. Anabwera pa sukulu yapulayimale iyi, kufupi ndi Chikweo, kudzafufuza ngati makolo amathandiza nawo kuyendetsa sukulu. Mitu ina ya kafukufuku wake inali itatha. Unatsala umodzi wokha, wa maganizo a makolowo, ndipo popanda mutu umenewu digiri sakanaiona.

Kuwatsatira m'midzi sikunali kotheka. A tcheyamani a chipani anamuuza mosabisa tsiku limene anafika: mafunso onse afunsidwire pabwalo la sukulu, pamaso pa anthu. Mlendo woyenda khomo ndi khomo ndi pepala m'manja amakayikiridwa. Chilolezo chake chochitira kafukufukuyo chinkatha Loweruka, ndipo lero linali Lachinayi.

"Ahedi, kodi uthenga munapereka?" anafunsa motero ataona a Goliati, mphunzitsi wamkulu, akutseka kalasi.

"Ndinapereka, bwana. Ngakhale kumzikiti analengeza."

"Nanga ali kuti?"

"Atanganidwa. Akuti abwera akamaliza."

Wadson sanafunse kuti akamaliza chiyani. Yankho limeneli anali atalimva kokwanira. Anangowayang'ana a Goliati akupinda thalauzi lawo mpaka m'mawondo, n'kulowera kanjira kopita kuseri kwa phiri, monga ankachitira masana alionse. Mphunzitsi wamkulu wotani wosakhala mu ofesi? Chilichonse chimene Wadson anawerenga m'mabuku a utsogoleri chinkaphwanyidwa pano tsiku ndi tsiku.

Sukuluyo inali ndi aphunzitsi awiri okha. Ena amene boma linawatumiza sankatha ngakhale teremu imodzi. Wadson sankawadzudzula. Iyenso ankagona m'chipinda chosungiramo madesiki othyoka, mileme ikumugwetsera zitosi pabulangeti. Sabata yake yoyamba anadandaula mokweza pamaso pa mayi Lukiya, amene ankamutungira madzi: "Munthu wophunzira angakhale bwanji kuno popanda nyumba?" Mayiwo anangotula ndowa n'kumapita. Iye anaganiza kuti mwina Chichewa chake sanachimve.

Chimene chinkamupweteka kwambiri n'chakuti anthuwo ankawaona. M'mawa uliwonse amayi ankadutsa kumbuyo kwa sukulu atasenza ndowa, mzere wautali, osatembenuka n'komwe. Abambo ankadutsa ndi zipika pamapewa, n'kungokweza dzanja. Ana ankafika m'kalasi mochedwa, miyendo ili matope okhaokha, chikhalirecho mvula inasiya kalekale. Ndipo kuyambira Lolemba utsi wakuda unkakwera kuseri kwa phiri usana wonse.

"Makala," anadziuza yekha. "Mitengo akutha, ana akuwagwiritsa ganyu, koma kukambirana za sukulu alibe nthawi."

Anakumbukira mphunzitsi wake wa ku yunivesite, amene anamuchenjeza kuti asalembe chinthu chimene sanachimve ndi makutu ake. Koma akanamva bwanji kwa anthu osabwera? Kusabwerako sikunali kuyankha kodi?

Anathamangitsa mbuzi ija, n'kukhala pa benchi, pepala lili pabondo. Analemba mwaukali mpaka cholembera chinaboola pepala: makolo a dera lino alibe chidwi ndi sukulu, saiona ngati yawo, sangapereke nthawi kapena mphamvu zawo pa chitukuko chake. Anawerenganso. Mawuwo anali osalala, oyenera buku. Anawadula mzere kunsi.

Lachisanu sanaimbe belu. Anabweza mabenchi m'kalasi, n'kulongedza mabuku ake m'katoni. A Goliati anamulonjeza njinga yokamutula pamsewu, kumene akanapeza galimoto yopita ku Liwonde.

Dzuwa litapendeka, akumanga katoniyo pa keriyala, anamva phokoso la anthu kumbuyo kwake. Anatembenuka. Ankatsika kanjira kochokera kuphiri kaja, amuna ndi akazi, ochuluka kuposa mabenchi onse a pasukulupo. Patsogolo panali bambo wachikulire wovala kofiya yoyera, a Chande, wapampando wa komiti ya sukulu, amene Wadson ankangomva dzina lawo. A Goliati ankabwera pambuyo, maso ali pansi.

"Tsopano?" anatero Wadson. "Mwabwera tsopano, ndalongedza kale?"

A Chande anayang'ana katoniyo, kenaka anayang'ana mayi Lukiya, amene anali m'gulumo. Manja a bambowo anali akuda ndi mwaye, nsidze zitawauka. Anatambasula mkono, n'kupatsa Wadson chinthu chofiira, cholemera, chotenthabe.

"Iyayi, aphunzitsi, masulani katunduyo," anatero. "Mutikhululukire za misonkhano ija, uvuni susiyidwa wokha. Anzanu onse anatithawa chifukwa cha nyumba, ndiye titamva dandaulo lanu tinati uyu yekha asatithawe. Njerwa za nyumba yanu zapsa. Tiyeni mukatiloze kumene mukufuna khomo lanu liyang'ane."