Kambuzi Womaliza

Chikhazikitsireni lamulo loletsa tsabola wamakolo, makina a kampani ya mbewu amayendera dimba lililonse, kuzula tsinde limodzi n'kuyeza mizu, poti mtundu wa tsabola amaudziwira kumizu.

Nachisale anamezanitsa nthambi ya kambuzi wake womaliza pa tsinde la tsabola wololedwa, n'kukwirira chilondacho ndi dothi.

"Bambo a Tiyese, makinawa sayang'ana masamba," anauza mwamuna wake. "Tingodikira njere basi."

Makina atafika, analambalala mizere yonse n'kukazula tsinde lomwelo, lili ndi maluwa. Anadula mizu, anaiunika, nati, "Wololedwa. Zikomo." Kenaka analiponya m'ngalande.

Mwamunayo anakalitola. "Mayi a Tiyese, tilibzalenso?"

"Ndi mizu iti?" anatero Nachisale, akuthothola timaluwa tija kuti akathire m'ndiwo.