Pokumanira pa Zigafa za Fodya

Ambulansi ya pakiliniki ya m'mapulazi a ku Centenary sifika ku Harare ndi wodwala. Imathera panjira, pa zigafa zakale za fodya, pomwe imakumana ndi inzake ya chipatala chachikulu, yokhala ndi mpweya ndi mankhwala a ululu wa njoka. Sisita Talandira anazizolowera zimenezi.

Tsiku limenelo ananyamula a Bauleni, bambo wachikulire wa pakomboni amene analumidwa ndi njoka akutola nkhuni. Kutangoda Talandira anaimba foni, ndipo a ku Harare anati akunyamuka.

Pofika pa zigafa anapeza ambulansi inayo itaima kale, zitseko zili pululu. Injini yake sinkamveka. Munatuluka anamwino awiri ovala tizipewa toyera takalekale.

"Tadzatenga a Phiri," anatero mmodzi, m'Chinyanja cha makolo chopanda Chishona n'pang'ono pomwe.

Phiri unalidi mfunda wa a Bauleni, koma pafoni paja Talandira sanautchule. Anayamba kufotokoza za mwendo wotupawo, koma iwo sanafunse kanthu. A Bauleni, amene njira yonse ankangobuula, anamwetulira.

"Mwachedwatu," anatero a Bauleni akuwakweza.

Galimotoyo inapita osautsa fumbi.

Akubwerera, Fraser dalaivala wawo anaseka. "Lero ndiye achita changu, sisita."

Talandira asanayankhe, foni inalira. Anali namwino uja wa ku Harare amene analankhula naye poyamba.

"Pepani sisita, tinachedwa pamlatho. Tafika pa zigafa tsopano, mankhwala tili nawo. Wodwala wathu muli naye kuti?"