Amene Ankasiya Gasi Wotsegula

Alamu ya gasi inaliranso m'mawa, kachitatu sabata imeneyo. Mayi Noelene anasiya matawulo amene ankayanika, n'kuthamangira kukatseka botolo la gasi kutsogolo kwa kalavani, kanyumba kawo kokokedwa ndi galimoto. Atalowa m'kati anapeza amuna awo, a Graeme, ataima pa sitovu, dzanja lili pa kabatani, fungo lili guu.

"Inunso! Mukufuna tifere muno ngati mphemvu?"

"Pepani, mayi," anatero a Graeme, maso ali pansi. "Ndimafuna tiyi. Ndatsegula, ndaiwala kuyatsa."

Mayi Noelene anakankha mawindo onse. Bambo ameneyu anayendetsa sitima za malasha ku Collie zaka makumi atatu osaphonya chizindikiro ngakhale chimodzi. Ndi yemweyu amene anawaphunzitsa kupaka thovu la sopo pa mapaipi pofufuza potuluka gasi, ndi kutseka botolo asananyamuke ulendo. Atapuma pa ntchito anagulitsa nyumba ku Bunbury kuti azungulire dziko lawo lonse awiriwiri. Anangofika pa Carnarvon, n'kuima pamalo oimikapo makalavani.

Matenda oiwalaiwala oterewa mayiwo ankawadziwa. Bambo awo owabereka anayamba chonchi: lero makiyi, mawa mphika pamoto, kenako n'kumafunsa mwana wawo yemwe kuti ndinu ndani. M'mawa wa alamuwo mayiwo anakalirira kochapira zovala, makina akugunda kuti asamveke. Potuluka anali atamanga mfundo. Kalavani igulitsidwe, a Graeme akaonedwe ndi dokotala ku Perth. Koma akawauza bwanji munthu amene usiku uliwonse ankagona ndi mapu a ku Broome pachifuwa?

Masana kunabwera a Kerrod, mmisiri wa gasi amene a Graeme anaitana okha. Mayi Noelene sanafune kuona amuna awo akuchita manyazi pamaso pa mlendo, choncho ananyamuka kukagula mkaka kusitolo ya pageti. Ali pakati pa njira anazindikira kuti kachikwama katsala m'kalavani. Anabwerera chakuseri, ndipo mawu ankamveka bwino pawindo.

"Mapaipi onse ali bwino, palibe pobooka," ankatero a Kerrod. "Ndikuikirani sitovu yodula gasi yokha moto ukapanda kuyaka. Koma madala, musandimvere kolakwika. Kuiwala kotereku n'kofunika dokotala. Pitani akakuoneni."

A Graeme anayankhula motsitsa mawu.

"Achimwene, sitovu iyi sindinayambe ndaitsegulapo chichokereni ku Bunbury. Tiyi wam'mawa amapanga ndi mayi, zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi tsopano. Amatsegula gasi, kenako amatuluka panja, zonse zabalalika. Alamu ikalira ndimathamanga kukaima apa kuti andipeze ine. Bambo awo anapita ndi matenda omwewa, ndipo amawaopa kuposa imfa. Ndimangofuna aione kaye nyanja ya ku Broome asanadziwe. Akabwera, muwauze kuti sitovuyo mukuikira ine."

Mayi Noelene anatsamira khoma lotentha la kalavani. Anayesetsa kukumbuka chimene anabwerera, koma sichinabwere.