Kutuluka kwa a Virgil Tackett

A Virgil Tackett anagwanso pakati pa bedi ndi njinga yawo ya olumala. Belu loitanira anamwino linali lendelende pafupi ndi mphuno yawo, koma sanalikhudze. Ku Maple Hollow, nyumba yosungirako okalamba ya m'mapiri a Kentucky, ukagwa nkhani imafika ku ofesi iwe usanadzuke n'komwe.

Anadzikoka ndi zigongono, mwendo umodzi umene matenda a shuga anawasiyira ukupalasa pansi. Kukwawa sikunali kwachilendo kwa munthu amene anakalambira mu mgodi wa malasha. Chachilendo chinali mantha.

Boma linali ndi thumba la ndalama lotulutsira anthu m'nyumba zoterezi. Limakupezera kanyumba m'tauni, kukukhomera zogwirira m'bafa, kukugulira bedi ndi mapoto, n'kumakutumizira munthu wokuthandiza m'mawa. Koma uyenera kuonetsa kuti ungathe kuchoka pabedi wekha ndi kudzibaya wekha jakisoni. Mayi Renfro, woyesa anthu wa boma, anali atawakanapo kale. Lero unali mwayi wotsiriza. Thumbalo linali pafupi kutsekedwa, ndipo dokotala anali atayamba kuyang'ana phazi lotsalalo ndi diso la wogula nkhumba.

Za ufulu a Virgil analibe nazo ntchito. Ufulu anauonapo: ndi wozizira, ndipo umadya nyemba za m'chitini. Iwo ankafuna a Ozella Mabry.

A Ozella anali mayi wamasiye wa pakamwa ngati lumo. Ankadya nawo tebulo limodzi, kuwabera pa makadi masana dzuwa likuswa mtengo, n'kumawatcha tambala wa mwendo umodzi. Thumba lomwelo linawatulutsa chaka chatha, kuwapititsa ku mdadada wa nyumba za okalamba kuseri kwa positi ofesi. Chichokereni mayiwo, a Virgil chakudya chinkawakomera ngati utuchi. Pa foni zinakanika: a Ozella anali ogontha makutu onse, ankangokuwa kuti sakugula kanthu, poyesa ndi otsatsa malonda, n'kudula. Anamwino akafunsidwa za iwo ankayankha ngati ana a sukulu oloweza ndime: za wodwala wina sitinena, ndi lamulo. Lamulo limenelo kuno amaliopa kuposa Mulungu. Mnzako akhoza kufa kuseri kwa katani, iwe n'kuuzidwa kuti sungauzidwe.

Pamene Mayi Renfro ankalowa, a Virgil anali atakhala pabedi, tsitsi lopesa, chigongono chosupuka atachibisa m'malaya a mikono yaitali. Anapempherera chamumtima, pemphero la munthu amene sanapiteko kutchalitchi chiikireni mkazi wake. Kenaka anagwira njinga, naluma mano, nadziponya. Dziko linazungulira. Anatera ndi thako limodzi, linalo linafika mochedwa, koma linafika. Jakisoni anadzibaya pamimba dzanja likunjenjemera ngati la mbala pamaso pa woweruza, uku akuwafotokozera mayiwo kuti kunjenjemerako n'chifukwa sanazolowere kuvula pamaso pa akazi okongola.

Mayi Renfro sanaseke, koma anagwedeza mutu movomera. Anafunsa ngati bambowo akumvetsa kuti akangotuluka, malo awo apatsidwa kwa wina tsiku lomwelo, poti odikira ndi ambiri, ndipo kubwerera kumatenga chaka kapena kuposa.

"Apatseni, mayi, ndi fungo lomwe," anatero a Virgil. "Munthu wolirira malo ano mutu wake sukuyenda bwino. Mukamupatse moni wanga."

Anapempha chinthu chimodzi chokha: nyumba ikhale ya kuseri kwa positi ofesi. Kwina kulikonse ayi, bola angowakwirira. Mayi Renfro anatsegula pakamwa, natsekanso. Pomaliza anangoti mwayi wawo, kumeneko nyumba imodzi yatsala pang'ono kutseguka.

Masiku otsalawo a Virgil anakhala ngati munthu wosenza mazira. Sanatsokomole pamaso pa namwino. Phazi likawawa ankaimba nyimbo. Tsiku lochoka anameta ndevu mpaka kudzicheka, navala jekete imene ankaisungira ulendo wa m'bokosi. Dorinda, namwino amene ankawasambitsa, anawakankhira pakhomo maso ake ali pansi. Iwo anamuseka kuti asalire, amuna a miyendo iwiri alipo ambiri. Dorinda anati sakulira, koma pali zinthu zimene ntchito yake simulola kunena.

A Virgil sanamve n'komwe. Anali kubwereza mumtima mawu amene akanene pogogoda pachitseko cha a Ozella. Akawauza kuti abwera kudzatenga zonse zimene anawabera pa makadi. Mayiwo akatukwana, ndipo moyo ukayambiranso pamenepo.

Galimoto yonyamula anthu a pa njinga inaima. Woyendetsa anati adikire kaye, ali ndi wina woti atsike. Chitseko cha kumbuyo chinatseguka, chitsulo chotsitsira njinga chinatsika pang'onopang'ono, ndipo pamenepo panali a Ozella, kachikwama pamiyendo, milomo yopaka zofiira.

"A Virgil, mwachita kundivalira jekete?" anakuwa mwa chigonthi chawo. "Kunja kuja kulibe munthu, bambo inu, ndimayankhula ndi firiji. Makiyi ndabweza. Miyezi yonseyi ndakhala ndikulirira boma kuti lindibwezere kuno kwa inu, ndiye dzana anandiuza kuti chitsiru china chasiya malo."

Woyendetsa anagwira njinga ya a Virgil n'kuyamba kuikankhira m'galimoto.