Satifiketi ya Asisi M'pulasitiki

"Wamata pulasitiki apa ndani?" anafunsa asisi Nomsa, atanyamula satifiketi yawo ya Giredi 12 ndi zala ziwiri.



Basi ya ku Lusaka inali ya mawa lake. Pasipoti, zithunzi ndi kalata ya yunivesite ya ku India zinali kale pa tebulo, zonse zokapemphera viza. Koma pepala la malangizo linanena poyera kuti satifiketi yomatidwa pulasitiki sailandira, chifukwa chidindo sichigwirapo.

Nanga ine ndikanadziwa bwanji? Ku mjigo ndinamva kuti ya mwana wa a Mwale inadyedwa ndi chiswe m'sutikesi, mpaka ntchito inamuphonya, ati. Ndiye yathuyi ndinaitenga mwakachetechete n'kukaimatitsa m'tauni. Inatuluka yowala ngati galasi!

"Ndine, asisi. Ndimati ndikuthandizeni."

Sanandiyang'ane n'komwe. Anatenga lezala pawindo.

"Nomsa mwanawe, isiye chabe," anatero amama. "Ukawapepese komweko."

"Ku embase sapepesa, amama."

Asisi analowetsa lezala pakona. Pulasitiki inayamba kumatuka bwinobwino, pang'onopang'ono, mpaka kudutsa chizindikiro cha pamwamba. Amama ankapemphera chapansipansi. 

Kenaka kunamveka kaphokoso kakang'ono, ngati kusenda chimanga chachiwisi.

Asisi anakweza pulasitiki ija pakuwala. Dzina loti Nomsa linali litamatirira pamenepo. Pa pepala panangotsala dzina la bambo loti Zulu, ndi kachigamba koyera.

"Rozi," anatero asisi kwa ine motsitsa mawu, "ku Nabvutika kuno wauza anthu angati kuti ndikupita?"