Utuchi Wasowa ku Sadzi

Mayi Abigail anaima pakhomo pa fakitale ya mipando ku Sadzi, matumba opanda kanthu ali kukhwapa. Pansi panali posesedwa ngati m'tchalitchi tsiku la ukwati. Utuchi ngakhale wodzaza chikhatho panalibe.

Mtima unawapweteka. Mawa lake anali kulandira anapiye a nkhuku za nyama, ndipo kuzizira kwa Juni kotsika m'phiri la Zomba sikuchita masewera ndi mwanapiye wogona pasimenti. Zaka zonsezi utuchi woyala m'khola ankangowola ulere pano, poti amuna awo, a Luckson, ndi kalipentala wa pomwepa. M'mawa atawauza kuti akubwera ndi matumba, bambowo anangotsokomola n'kunyamuka tiyi osamaliza. Mayi anawamvera chisoni, poganiza kuti bwana wawapanikiza.

Wolakwa ankamudziwa kale. Anali bwana watsopano uja wa ku Blantyre, a Kevin, wa nsapato zosongoka. Anthu a sukulu ndi choncho, akafika pamalo amayamba n'kusesa pamene anzawo amadyera.

Anawapeza pafupi ndi makina opalira matabwa.

"Bwana, utuchi wathu mwapita nawo kuti?"

A Kevin, osadziwa kuti aponda moto, anayamba kuwaonetsa malo monyadira.

"Masiku ano sititaya kanthu, mayi. Thabwa timayamba taliyeza bwino tisanadule. Mpando timapanga pokhapokha wina waitanitsa. Sowo, hamala, chilichonse chili ndi msomali wake pakhoma, za kuzungulira n'kumafunafuna zinatha. Tizidutswa timasema mithiko ndi zipande, utuchi timaumba makala. Anyamata malipiro awo akwera."

"Nzeru za m'mabuku zimenezo," anatero Mayi Abigail, manja ali m'chiuno. "Ndiye anapiye anga agonera mabuku anuwo? Munthu amene anaganiza zimenezi alibe chisoni, ndipo sanawetepo ngakhale bakha."

A Kevin anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Mayi, ine ndinangovomereza. Nzeruzi anabwera nazo ndi amuna anu. Akuti anaonera kukhitchini kwanu, kumene ngakhale madzi otsukira mpunga mumakathirira tomato."

Kuseri kwa mulu wa matabwa a paini, kumene a Luckson ankagwira ntchito, sowo imene inkalira inangoti zii.

"Bambo a Luntha," Mayi Abigail anaitana amuna awowo mofatsa kwambiri, "kuyambira mawa bulangete lanu agonera anapiye."